Mpira wa ku koleji zing'onozing'ono ku America, komwe wosewera ndi amene amalipira

Anthu ambiri akamva zoti mwana wa uje akusewera mpira ku koleji ku America amangoti basi zake zayera ameneyo, sukulu akuphunzira ulere ndipo akamaliza akalowa NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa. Zimachitika ndithu, koma kwa ochepa kwambiri. Koleji zomwe zimaoneka pa TV zija, za masitediyamu ngati ya Michigan yomwe mumalowa anthu opitirira 107,000, ndi kagulu kochepa chabe ka pamwamba. Koleji zambiri zomwe zili ndi timu ndi zazing'ono, ophunzira mwina 1,200 kapena 2,000, zili m'timatauni toti simunatimvepo, ndipo mnyamata amene akusewera kumeneko kawirikawiri salandira olo dola imodzi chifukwa cha mpirawo. Iyeyo ndi amene akulipira sukulu, ndipo sukuluyo ikumufuna kwambiri chifukwa cha fizi yakeyo. Mukamvetsa zimenezi zina zonse zikhala zosavuta kutsatira.

Tisanapite patali, mpira womwe tikukamba pano si wa miyendo uja ayi, ndi American football, wa mpira wosongoka mbali ziwiri, wonyamula m'manja, anthu atavala zisoti ndi zotchinga m'mapewa. Mbali iliyonse kumakhala anthu 11 m'bwalo, timu yomwe ili ndi mpira imapatsidwa mwayi kanayi kuti isunthe mayadi 10, ikakwanitsa imapatsidwanso kanayi kena mpaka ikafike kumapeto kwa bwalo nkuchinya touchdown ya mapointi 6. Kusintha osewera kulibe malire, pali gulu lomenya nkhondo yopita kutsogolo, gulu lotchinga ndi gulu lapadera lotuluka nthawi yomenya mpira ndi phazi, nde timu imodzi kukhala ndi anthu 100 si zachilendo. Nambala imeneyi muisunge, tiibwereranso.

Bungwe lalikulu loyendetsa masewera a ku koleji ndi NCAA. Chiyambi chake nchomvetsa chisoni, mu 1905 anyamata pafupifupi 18 anafa chifukwa cha mpirawu chaka chimodzi chokha, mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt anaitanitsa akuluakulu a koleji zotchuka kuti akonze zinthu, nde mu 1906 kunabadwa bungwe lomwe mu 1910 linatenga dzina la NCAA. Mu 1973 bungweli linagawa sukulu m'magulu atatu. Division I ndi ya zimphona, ndipo pa mpira imagawikanso pawiri, FBS yomwe ili ndi matimu opitirira pang'ono 130 ndi FCS yomwe ili pansi pake. Division II ili pakati, timu imaloledwa masikolashipu okwana 36 omwe makochi amawaduladula nkugawira anthu 80 kapena 90, wina theka, wina kota, wina kandalama kogulira mabuku basi. Kenako Division III, yomwe ndi yaikulu kuposa onse pa chiwerengero cha sukulu, zopitirira 400, ndipo pafupifupi 240 mwa izo zili ndi timu ya mpirawu. Kunja kwa NCAA kuli bungwe lina la koleji zazing'ono, NAIA, komwe timu imaloledwa masikolashipu 24, ndiye palinso makoleji a zaka ziwiri omwe amangowatchula kuti juco. Ine ndikhazikika kwambiri pa Division III chifukwa ndi komwe nkhaniyi imaonekera bwino.

Lamulo lalikulu la Division III ndi limodzi, palibe sikolashipu ya masewera. Olo ukhale katswiri wotani, sukulu siloledwa kukuchotsera fizi chifukwa umathamanga kapena umaponya bwino mpira. Thandizo lomwe ungapeze ndi lomwe wophunzira wina aliyense angapeze, lotengera kukhoza kwako m'kalasi kapena kuchepekedwa kwa banja lako, ndipo sukulu zimapereka malipoti ku NCAA chaka ndi chaka osonyeza kuti osewera sakukonderedwa pogawa ndalamazo. Kochi saloledwa kukalowerera ku ofesi yogawa thandizo kuti mwana uyu mumuonjezere. Kaya aliyense amatsatira bwinobwino ndi nkhani ina, sukulu zingapo zinalangidwapo chifukwa chophwanya lamuloli, koma lamulo ndi limenelo.

Nde fizi yake ndi zingati? Apa mpamene anthu amasokonezeka. Koleji zambiri za Division III ndi zapulayiveti ndipo mtengo wolembedwa pa pepala umaopsa, madola 50,000 kapena 60,000 pa chaka kuphatikiza malo ogona ndi chakudya, zina zotchuka ngati Williams ndi Amherst ku Massachusetts zimapitirira 80,000. Koma ndi ochepa amene amalipira mtengo wonsewo. Koleji zapulayiveti ku America zimachotsera ophunzira atsopano ndalama yoposa theka la fizi mukatenga avareji, zimangoitcha mayina okoma ngati mphoto ya pulezidenti wa koleji kapena mphoto ya utsogoleri, nde mwana amalandira kalata yoti wapatsidwa madola 28,000, banja lonse kusangalala, abale kuuzidwa kuti mwana wapeza sikolashipu ya mpira, chonsecho yotsala yoti alipire ikadali 20,000 kapena kuposa chaka chilichonse. Yotsalayo imachokera m'thumba la makolo, ku thandizo la boma la Pell Grant kwa ochokera m'mabanja osauka lomwe silifika olo 8,000 pa chaka, ndi ku ngongole. Zaka zinayi zikamatha mnyamata amatuluka ndi digiri, mawondo opweteka ndi ngongole yoti adzabweze kwa zaka zambiri.

Tsopano bwererani ku nambala ija ya anthu 100 pa timu. Koleji yaing'ono yopanda chuma chosungidwa imakhalira fizi basi, mwana aliyense amene walowa pageti ndi ndalama yolipirira aphunzitsi ndi magetsi. Komanso ku America anyamata akuchepa m'makoleji, atsikana akuyandikira 60 pa 100 aliwonse, nde akuluakulu a sukulu anazindikira kuti njira yachidule yokokera anyamata ndi kuwalonjeza jezi. Ku sekondale kuli anyamata pafupifupi miliyoni imodzi osewera mpirawu ndipo ambiri safuna kuti gemu yawo yomaliza ikhale ya ali ndi zaka 17, mukawauza kuti bwera udzasewere zaka zina zinayi amabwera, ndipo amabwera ndi fizi. Werengani nokha, anyamata 120 aliyense akusiya madola 20,000, imeneyo ndi 2.4 miliyoni pa chaka, pomwe kuyendetsa timu ya Division III, makochi ochepa, mabasi ndi zovala, sikufika pamenepo. Nchifukwa chake nthawi yomwe anthu akudandaula za kuopsa kwa mpirawu koleji zazing'ono zakhala zikutsegula matimu atsopano, Berry College ku Georgia inayamba mu 2013, Hendrix College ku Arkansas inadzutsa timu yake chaka chomwecho patapita zaka zopitirira 50 ilibe. Adrian College ku Michigan ndi yomwe imatchulidwa kwambiri pa njira imeneyi, pulezidenti wake Jeffrey Docking atafika mu 2005 anapeza ophunzira osakwana 1,000, anamanga mabwalo, kuonjezera masewera, nkupatsa kochi aliyense nambala ya ana oti abweretse chaka chilichonse, ndipo ophunzira anawirikiza pafupifupi kawiri.

Ine sindikuona cholakwika kuti sukulu izifuna kupulumuka, ndipo ana ambiri omwe sakanapita ku koleji konse apita chifukwa cha mpira, zimenezo ndi zabwino zenizeni. Chomwe chimandipweteka ndi chakuti mwana wa zaka 17 sauzidwa zonse. Kochi amamuimbira foni sabata iliyonse, kumuuza kuti tikukufuna kwambiri, ndipo akunena zoona, koma mawu omwewo wauzanso ana ena 60 ndipo pa malo omwe mwanayo amasewera pabwera anzake asanu ndi awiri. Ku Division III kulibe kontilakiti yomanga mbali iliyonse, zithunzi zosainira pa tebulo ndi chipewa cha sukulu zija ndi chikondwerero chabe. Akafika mu Ogasiti amapeza kuti ali nambala 6 pa mndandanda, magemu a koyenda basi imanyamula mwina anthu 60 okha, iye amatsala ku hositelo kumaonera pa laputopu. Chaka choyamba chikamatha ambiri asiya, ena achoka pa sukulupo kumene atasenza kale ngongole ya chaka chimodzi, nde mukayang'ana matimu ambiri mupeza a chaka choyamba 50 koma a chaka chomaliza 15 kapena 20. Funso lomwe kholo liyenera kufunsa kochi si loti mwana wanga asewera liti, koma loti pa ana omwe munabweretsa zaka zinayi zapitazo ndi angati amaliza digiri pano.

Kwa amene wapirira moyo wake umayenda chonchi. Amafika pa sukulu mu Ogasiti anzake ena asanabwere, nthawi yotentha kwambiri kumeneko, kudzachita kampu ya masabata awiri kapena atatu, kuyambira m'mawa mpaka usiku ndi mpira wokhawokha, pulakatisi, jimu, misonkhano, kuonera mavidiyo. Kale ankamenya pulakatisi yogundana kawiri pa tsiku koma NCAA inaletsa zimenezo mu 2017. Makalasi akayamba tsiku limayamba mwina 6 koloko ku jimu, kenako kalasi mpaka masana, cha m'ma 3 msonkhano wa gulu lako kuonera vidiyo ya timu yomwe mukukumana nayo, 4 koloko m'bwalo mpaka kude, kuthamangira ku kafeteriya isanatsekedwe, kenako laibulale. Loweruka gemu, ndipo ngati ndi yakoyenda ndi basi ya maola anayi kapena asanu ndi limodzi, palibe za ndege, pena kunyamuka m'bandakucha tsiku lomwelo kuti sukulu isalipire hotela. Sizoni ndi magemu 10 kuyambira Seputembala mpaka pakati pa Novembala, ndipo osewera eni ake akafunsidwa pa kafukufuku wa NCAA amati masewera amawadyera maola pafupifupi 30 pa sabata nthawi ya sizoni. Ambiri pamwamba pa zimenezo ali ndi kaganyu ka pa sukulu pompo.

Kusiyana ndi koleji zazikulu nkwakuti kuno kalasi ndi kalasidi. Ku timu zikuluzikulu kuli nyumba yonse ya aphunzitsi apadera othandiza osewera ndipo ambiri amakankhidwira ku maphunziro osavuta kuti asasemphane ndi pulakatisi, kuno ngati labu ya chemistry ili Lachitatu masana ndiye kuti pulakatisi ufika mochedwa ndipo kochi amangovomera, mphunzitsi amakudziwa dzina chifukwa m'kalasi muli anthu 15, ukajomba amaona. Uyenera kukhala wophunzira wa nthawi zonse ndipo magiredi akagwa susewera. Uli ndi masizoni anayi oti uwagwiritse ntchito m'masemesita 10, ndipo zomwe amachita ku Division I zongokhala chaka chathunthu ukuchita pulakatisi osasewera kuti usunge chakacho kuno nzosaloledwa, ukapitiriza pulakatisi gemu yoyamba itadutsa sizoni imeneyo yawerengedwa, pokhapokha utavulala koyambirira. Pa mbali iyi ndimaona kuti Division III ili ndi chilungamo chomwe akuluakulu aja anataya kalekale, wosewera angathe kuphunzira za udokotala kapena uinjiniya nkumaliza.

Koma thupi silidziwa kuti iyi ndi Division III. Mnyamata wolemera makilo 120 akakugunda ululu wake ndi womwewo kaya oonerera ndi 900 kaya 90,000. Mitsempha ya bondo imaduka, mapewa amaguluka, ndipo chachikulu ndi mutu. Mu 2017 akatswiri a ku Boston University anapima ubongo wa anthu omwalira omwe ankasewera mpirawu, ndipo pa 53 omwe anathera pa koleji osafika ku NFL, 48 anapezeka ndi CTE, matenda a ubongo obwera chifukwa chogundidwagundidwa m'mutu. Nzoona kuti mabanja omwe anapereka ubongowo ndi omwe ankaona kale zizindikiro, nde nambalayo sikutanthauza kuti wosewera aliyense adzadwala, komabe ikusonyeza kuti sufunika kufika ku NFL kuti uvulale moyo wonse. Palinso kutentha kwa mu Ogasiti komwe kwaphapo anyamata pa pulakatisi, makamaka omwe ali ndi sickle cell trait, nkhani ya m'magazi yobadwa nayo, yomwe imapezeka kwambiri mwa anthu akuda, nchifukwa chake NCAA imafuna kuti wosewera aliyense adziwike ngati ali nayo asanayambe. Ndiye sukulu yaing'ono ilibe gulu la madokotala ngati yunivesite yaikulu ya Alabama, pena ndi anthu awiri kapena atatu osamalira ovulala a matimu onse a pa sukulupo. Mu 2019 Grinnell College ku Iowa inasiyira sizoni panjira itasewera magemu atatu okha, pa osewera 39 anavulala 11 nkutsala 28, ndipo anyamatawo anavota okha kuti kupitiriza nkuika moyo pachiswe.

Ukavulala amalipira ndani? Choyamba ndi inshuwalansi ya makolo ako kapena yomwe wagula, sukulu zina zimathandizapo pa zotsala, zina ayi, ndipo inshuwalansi ya NCAA ya ngozi zikuluzikulu imayamba kugwira ntchito bilu ikadutsa madola 90,000. Sulandira chipukuta misozi cha wovulala pa ntchito chifukwa pamaso pa malamulo sunali pa ntchito. Nkhani imeneyi inayambira pa koleji yaing'ono ndithu. Mu 1955 Ray Dennison, bambo wa ana atatu yemwe ankasewerera Fort Lewis A&M ku Colorado, anagundidwa m'mutu pa gemu nkumwalira patangopita tsiku limodzi ndi maola ochepa. Mkazi wake anapempha chipukuta misozi cha ogwira ntchito, koma mu 1957 khoti lalikulu la Colorado linagamula kuti kolejiyo sinkachita bizinesi ya mpira ndipo Dennison sanali wantchito wake. Ndi nthawi yomweyo pomwe NCAA, motsogozedwa ndi Walter Byers, inalimbikitsa kuti aliyense azinena kuti student-athlete, kutanthauza wophunzira wochita masewera osati wantchito, ndipo Byers mwini wake atakalamba anavomereza kuti cholinga chinali kutchinga milandu ngati imeneyi. Mpaka lero nkhondo yoti osewera ndi antchito kapena ayi ikadali m'makhoti.

Nde mutha kufunsa kuti munthu wanzeru zake angalipirenji ndalama kuti azikagundidwa? Apa ndikufuna ndiime pang'ono chifukwa yankho lake ndi lomwe limandichititsa kuwalemekeza anyamata amenewa. Mpira uwu si woti ukakula uzikasewera ndi anzako Lamlungu madzulo, umafuna zovala zodula, anthu ambiri, makochi ndi osamalira ovulala, nde ukavula chisoti komaliza wavuliratu. Anyamatawa akudziwa kuti akugula zaka zinayi zomaliza za chinthu chomwe achikonda kuyambira ali ana, ndipo akuchipeza pa malo pomwe palibe amene angawaopseze kuti tikulanda sikolashipu, aliyense amene ali m'bwalomo ali mmenemo chifukwa akufuna. Atafuna kusiya mawa thandizo lake la fizi silisintha.

Munthu yemwe anaonetsa bwino zomwe mpira wa kuno ungakhale ndi John Gagliardi wa ku Saint John's University ku Collegeville, Minnesota, sukulu ya ansembe a chi Benedictine yomwe ili pakati pa nkhalango ndi nyanja zing'onozing'ono. Anakhala kochi kumeneko kuyambira 1953 mpaka 2012, ndipo kuphatikiza zaka zake zoyambirira ku Carroll College anapambana magemu 489, palibe kochi wina aliyense wa mpira wa ku koleji amene anafikapo pamenepo, olo a matimu akuluakulu. Njira yake inali yosemphana ndi aliyense, pa pulakatisi panalibe kugwetsana pansi, analibe wezulo, samatukwana osewera, pulakatisi simapitirira ola limodzi ndi theka, samathamangitsa munthu pa timu nde pena amakhala ndi anthu oposa 150, ndipo ankakana kutchedwa Coach, ankati muzingonditchula John. Anthu ankati sizingatheke koma anatenga zikho za dziko lonse zinayi, 1963, 1965, 1976 ndi 2003, ndipo zomwe ankachita zopewa kugundana pa pulakatisi ndi zomwe madokotala akulimbikitsa lero. Anamwalira mu 2018 ndipo mphoto ya wosewera wabwino kwambiri mu Division III ili ndi dzina lake.

Musaganizenso kuti ndi mpira wachibwana. Mount Union ya ku Alliance, Ohio, yatenga chikho cha Division III ka 13, ka 11 pansi pa kochi Larry Kehres yemwe pa zaka 27 anagonja magemu 24 okha. Wisconsin-Whitewater inatenga kasanu ndi kamodzi pakati pa 2007 ndi 2014 ndi Lance Leipold, yemwe kenako anakwera mpaka kukakhala kochi wa Kansas ku Division I, ndipo zaka zaposachedwapa North Central College ya ku Illinois ndi yomwe yakhala ikuvuta. Linfield ku Oregon sinakhalepo ndi sizoni yogonja kwambiri kuposa kupambana kuyambira 1956. Fainolo yake imatchedwa Stagg Bowl ndipo kuyambira 2024 matimu 40 ndi omwe amalowa mu ndime yochotsana. Vuto lake nlakuti mpata pakati pa apamwamba ndi apansi ndi waukulu zedi, gulu lomwelo muli Mount Union mulinso sukulu ngati Earlham ya ku Indiana yomwe inagonja magemu 53 otsatizana mpaka kuimitsa timu kumapeto kwa 2018, ndipo St. Thomas ya ku Minnesota anzake a mu ligi anaichotsa mu 2019 chifukwa inkawakwapula mopitirira muyeso.

Chokoma china ndi magemu a pachibale, omwe kwa anthu a m'tauniyo ali ngati Bullets ikamakumana ndi Wanderers, sizoni yonse itha kuipa koma imeneyo yokha mukapambana chaka chakoma. Williams ndi Amherst akhala akumenyana kuyambira 1884. Wabash ndi DePauw ku Indiana amalimbirana belu lakale la sitima ya pamtunda lolemera makilo pafupifupi 136, Monon Bell, lomwe ophunzira akhala akuberana usiku kwa zaka zambiri. Ithaca ndi Cortland ku New York anakasewerera gemu yawo ku MetLife Stadium mu 2019 ndipo kunabwera anthu opitirira 45,000, kudzaonera anyamata osalipidwa. Ndipo ndisaiwale Gallaudet University ku Washington, sukulu ya anthu osamva yomwe ili mu Division III, kuunjikana mozungulira kuja komwe matimu onse amachita asanayambe kusewera kunayambira kumeneko m'ma 1890, quarterback wawo Paul Hubbard, yemwe ndi wotsogolera gulu lopita kutsogolo, ataona kuti adani akuwerenga zizindikiro za manja zomwe ankapatsa anzake.

Za NFL tinene mwachidule chifukwa nkhani yake ndi yaifupi. Chaka chilichonse NFL imasankha anthu pafupifupi 260 pa draft, mwa osewera onse a NCAA omwe afika posankhidwa ndi osakwana awiri pa 100, ndipo pafupifupi onsewo ndi a Division I. Ochokera ku Division III alipo koma mutha kuwawerenga ndi zala, London Fletcher wa ku John Carroll yemwe sanasankhidwe nkomwe koma anasewera masizoni 16, Pierre Garçon wa ku Mount Union, Ali Marpet wa ku Hobart yemwe Tampa Bay inamutenga pa nambala 61 mu 2015 ndipo anapambana nayo Super Bowl, fainolo ya NFL, Quinn Meinerz wa ku Whitewater yemwe ali ku Denver. Komwe koleji zazing'ono zimatulutsa anthu ambiri ndi ku ukochi, Bill Belichick anasewera ku Wesleyan, Don Shula ku John Carroll, Nick Sirianni yemwe anapambana Super Bowl ndi Philadelphia mu February 2025 anali wa Mount Union. Ena onse amakakhala aphunzitsi, manesi, apolisi, maloya, ogulitsa inshuwalansi.

Zaka zaposachedwapa zinthu zasintha kwambiri pamwamba. Kuyambira pa 1 July 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina ndi nkhope yawo, zomwe amati NIL, ndipo mu 2025 khoti linavomereza mgwirizano wolola sukulu za Division I kugawira osewera mwachindunji ndalama zofika madola 20.5 miliyoni pa chaka choyamba. Wa Division III naye NIL amaloledwa koma zomwe amapeza mwina ndi pizza yaulere ku lesitilanti ya m'tauni kapena kandalama kophunzitsa ana pa holide. Chomwe chawafika kwenikweni ndi transfer portal, njira yosamukira ku koleji ina, kusamuka kwakhala kosavuta nde mwana akangowala pa koleji yaing'ono akuluakulu amamutola msanga, ngati Trinidad Chambliss yemwe anatenga chikho cha Division II ndi Ferris State mu 2024 ndipo chaka chotsatira anali quarterback wa Ole Miss ku Division I. Kwa mwanayo ndi mwayi waukulu ndipo ndimamusangalalira, kwa kochi wa koleji yaing'ono ndiye kuti wophunzitsa bwino kwambiri ndi amene amataya anthu ake msanga. Kwa wochokera kunja kwa America nkhani imavutirapo, Pell Grant ndi ngongole za boma sizimukhudza, viza ya wophunzira imangomulola kugwira ntchito maola 20 pa sabata pa sukulu pompo ndipo ndalama za NIL zingamuike m'mavuto ndi viza yomweyo, nde wina akakulonjezani sikolashipu ya mpira ku sukulu ya Division III dziwani kuti chinthu chimenecho kulibe.

Chomwe chikuopseza kwambiri pano si mpira koma sukulu zenizenizo. Chuma chitagwa mu 2008 anthu ku America anachepetsa kubereka, ana ochepawo ndi omwe akufika zaka 18 panopa, nde koleji zodalira fizi zikulimbirana ana omwe akucheperachepera ndipo zina zikutseka. MacMurray College ku Illinois inatseka mu 2020, Finlandia University ku Michigan ndi Iowa Wesleyan mu 2023, zonsezi zinali ndi matimu a mpira. Alderson Broaddus ku West Virginia inalandidwa chilolezo kumapeto kwa July 2023, kutatsala masiku ochepa kuti kampu iyambe, anyamata atakonzeka kale kubwera. Birmingham-Southern College ku Alabama, yomwe inayamba mu 1856, inatsika kuchoka ku Division I nkuyambitsanso mpira mu 2007 pofuna kukoka ophunzira, timu yake inafika pochita bwino ndithu, koma pa 31 May 2024 sukulu inatseka. Zikatere wosewera wa chaka chachitatu amayenera kusaka sukulu ina m'masabata ochepa, kuyambanso kukambirana za fizi, kupempha kuti makosi omwe anakhoza awerengedwe ndipo si onse omwe amawerengedwa, nkukayambira pansi pa mndandanda wa kochi yemwe sanamuonepo akusewera, ngongole ya sukulu yotsekedwayo ikumudikirabe.